Pampu ya oyilo ya high volume pa injini yoyenda tsiku ndi tsiku: mavuto ake ndi kathetsedwe kake

Galimoto zambiri zimene zimabwera ndi vutoli m'magalaja a kuno ku Kasungu zimakhala zadutsa njira imodzi. Injini inaphwasulidwa, masilinda anabooledwa pang'ono, hedi inapalidwa, anaikamo camshaft yokwezako kapena kabyuleta ya Weber ndi ekizozi yotakata. Pomanga, mwini wake kapena amakaniko n'kuganiza kuti popeza injini yawonjezera mphamvu, pampu ya oyilo nayonso ikhale yaikulu. Ena amafika pa ganizo lomweli chifukwa cha kanyali kofiira ka oyilo kamene kayamba kuphethira injini ikatentha, makamaka m'mwezi wa Okutobala galimoto ikaima pa depoti n'kumangolira payokha. Amaitanitsa pampu yolembedwa kuti high volume ku Johannesburg kapena ku Dubai, n'kuimanga. Pakapita masabata angapo galimoto ija yabweranso: kanyali kakuphethirabe, kapena fyuluta yatupa, kapena thayiming'i ikungosuntha yokha, kapena singano ya geji ikugwa galimoto ili pa liwiro.

Kuti mumvetse mavuto onsewa, gwirani kaye mfundo imodzi. Ntchito ya pampu ndi kukankha oyilo wa muyeso womwewo pa kuzungulira kulikonse. Pulesha imene mumaona pa geji imabwera chifukwa oyiloyo akupanikizika potuluka m'timipata ta mabering'i. Amene anathirirapo nazale ya fodya ndi payipi akudziwa: payipi ikakhala yotsekula madzi amangogwera pafupi, mukatsekako kukamwa kwake ndi chala amathamanga mpaka kumapeto kwa bedi, chikhalirecho mpope ndi womwewo. Mu injini, chala chija ndi mpata wa pakati pa crankshaft ndi mabering'i ake. Mpatawo ukakula, pulesha imatsika ngakhale pampu ikhale ya m'bokosi.

Pampu ya high volume ili ndi magiya okhuthala kuposa a pampu wamba, choncho imakankha oyilo wochulukirapo, kawirikawiri ndi 20 mpaka 25 peresenti. Ya high pressure ndi ina: magiya ake ndi ofanana ndi a pampu wamba, chosiyana ndi sipuling'i yolimba ya relief valve, kavalavu kamene kamatsekuka pulesha ikafika pa malire n'kubweza oyilo wotsala. Pali mapampu ena okhala ndi zonse ziwiri, ndipo ogulitsa amasakaniza mayinawa. Ngati mukukayika chimene mwagula, yezani kukhuthala kwa magiya ndi vernier poyerekeza ndi a pampu yakale.

Mbiri ya mapampu amenewa inachokera ku America, pa mainjini a V8 a Chevrolet ndi Ford, monga pampu ya Melling M55HV ya small block Chevrolet. Amipikisano kumeneko amasiya dala mipata yaikulu m'mabering'i, amaika sampu (chotengera oyilo cha pansi pa injini) yaikulu, ndipo injini imakhalitsa pa marevi okwera. Pikiapu imene imanyamula mabelo kupita ku Chinkhoma, kapena Corolla yoyenda pakati pa Kasungu ndi Lilongwe, siili m'gulu limenelo ngakhale mutaisintha camshaft. Mipata yake ikakhala ya ku fakitale, oyilo wowonjezerayo alibe kolowera. Amangotulukira pa relief valve n'kuzungulira pachabe, uku akutentha ndi kudya mphamvu ya injini.

Yambani ndi geji

Musamasule bawuti ngakhale imodzi ya sampu musanayeze. Kanyali ka pa dashibodi sikanena zambiri, chifukwa pa mainjini ambiri switch yake imayatsa pulesha ikatsika kufika cha pa 0.2 kapena 0.3 bar, ndipo switch yokalamba imanama. Ichotseni, pabowo pakepo mumangepo geji ya singano yokhala ndi kapayipi. Samalani ndi mathiredi: mainjini ambiri a ku Japan ali ndi bowo la 1/8 BSPT pamene mageji ambiri amabwera ndi 1/8 NPT. Ndi maso zimafanana, koma ina ili ndi mathiredi 28 pa inchi, inayo 27, ndipo mukakakamiza mumawononga bowo kapena kusiya podontha. Pezani adaputa yake.

Lembani papepala zimene geji ikunena nthawi zinayi: mutangoliza injini m'mawa, kenako injini itatentha ili pa idle (ikungolira payokha), pa 2,000 rpm ndi pa 3,000 rpm. Kutentha kumene tikunenaku si kwa singano ya madzi. Oyilo amachedwa kutentha kusiyana ndi madzi, choncho injini imene yangolira mphindi khumi pagalaja ikupatsani nambala yabwino yabodza. Yendani makilomita 15 kapena 20 pa M1, mubwere, muwerenge injini isanazime.

Nambala yoyerekezera ili m'buku la injini yanu. Mwachitsanzo, pa injini ya 4A-FE, Toyota imafuna pafupifupi 0.3 bar kapena kuposa pa idle, ndi pakati pa 2.5 ndi 5 bar pa 3,000 rpm. Ngati buku palibe, lamulo lakale la amakaniko ndi 10 psi pa 1,000 rpm iliyonse, kutanthauza cha pa 0.7 bar, poti bar imodzi ndi 14.5 psi. Injini yotentha imene ikuonetsa bar imodzi pa idle, singano n'kukwera msanga mukaponda moto, ilibe vuto. Anthu ambiri anagula pampu yaikulu chifukwa choopa nambala imene inali yolondola kale.

Pampu ndi yatsopano koma pulesha ikutsikabe injini ikatentha

Yambani ndi zotsika mtengo. Sololani dipstick mununkhize. Oyilo akamanunkha petulo, ali wamadzimadzi, kapena mulingo wake ukukwera m'malo motsika, ndiye kuti mafuta akulowa mu sampu. Pa injini yosinthidwa kabyuleta izi n'zofala: majeti aakulu kwambiri, float yosatseka bwino, choko chotsalira, kapena kamphira ka m'kati mwa pampu ya petulo ya pa buloko kang'ambika. Oyilo wosungunuka ndi petulo sagwira pulesha, pampu ikule chotani. Konzani kabyuletayo, khuthulani oyilo, sinthani fyuluta, yezaninso. Chimodzimodzi ngati munathira oyilo wopimidwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu: simukudziwa giredi yake, ndiye kuyeza kwanu konse kulibe maziko.

Chachiwiri ndi relief valve yokanirira potsekula. Kachidutswa ka silikoni kapena kachitsulo kakang'ono kakapanikizika pamenepo, oyilo amathawa nthawi zonse. Tulutsani kapisitoni kake, muone ngati kali ndi mizere, mutsuke bowo. Mukakapaka oyilo kayenera kutsetsereka kokha ndi kulemera kwake.

Pamenepa mpamene ambiri amaika mawashala kumbuyo kwa sipuling'i. Mawashala amangokweza malire amene valavu imatsekukira. Pa idle injini itatentha, valavuyo imakhala yotseka kale, choncho washala sasintha kanthu pa vuto limene likukuvutitsanilo. Chimene mwachita ndi kukweza pulesha ya m'mawa, imene inali yokwera kale.

Zonsezi zikakhala bwino, oyilo akuthawira m'mabering'i, ndipo muyenera kuyeza mpata. Kugwedeza crankshaft ndi dzanja si kuyeza. Gulani Plastigauge, ulusi wapulasitiki woyezera mpata. Tengani yobiriwira, imene imayeza kuyambira 0.025 mpaka 0.076 mm, yofiira imayambira 0.051 mpaka 0.152 mm. Masulani kapu ya bering'i imodzi, pukutani oyilo pa crankshaft ndi pa bering'i mpaka paume, goneketsani kachidutswa ka ulusiwo mopingasa, bwezerani kapu, mangani ndi torque wrench pa nambala ya m'buku. Musazungulitse crankshaft ngakhale pang'ono. Masulaninso, yerekezani kuphwathalala kwa ulusi ndi mizere ya pa kapepala kake. Ngati injini ili m'galimoto ndipo mukuyeza ma main, mabering'i amene amagwiriziza crankshaft ku buloko, kulemera kwa crankshaft kumakanikiza ulusi n'kukupatsani nambala yabodza, choncho inyamuleni pang'ono ndi jeke ndi kathabwa pafupi ndi pamene mukuyezapo.

Pa mainjini ang'onoang'ono a masilinda anayi, mpata wa bering'i yatsopano umakhala cha pakati pa 0.02 ndi 0.05 mm, ndipo malire ake amakhala cha pa 0.08 mpaka 0.10 mm. Tsitsi la munthu n'lokhuthala pafupifupi chomwecho. Mpata ukawirikiza kawiri, oyilo wothawa amaposa kawiri kutali, n'chifukwa chake kutha kochepa kumagwetsa pulesha kwambiri. Tembenuzaninso bering'i muwerenge kumbuyo kwake: STD, 0.25 kapena 0.50. STD ndi ya crankshaft yosapalidwa, manambalawo ndi mamilimita amene yapalidwa. Zimachitika kuti crankshaft inapalidwa ku engineering kufika 0.25, koma m'sitolo anapereka mabering'i a STD, womanga osayeza. Injini yotero imalira, imayenda, koma ili pa ulendo wokanoka.

Musaiwale malo ena othawirako oyilo: mabering'i a camshaft pa mainjini amene camshaft ili m'buloko, shafuti ya marocker yotha, ndi timapulagi totseka njira za oyilo timene timachotsedwa potsuka buloko, kamodzi n'kuiwalika kapena kusiyidwa kolefuka. Kuika pampu yaikulu pa injini ya mipata yotha kumakweza singano kwa kanthawi, koma bering'i imapitiriza kutha, ndipo tsiku lodzanoka crankshaft imene ikanangopalidwa imakhala yotaya.

M'mawa singano ikukwera kwambiri, fyuluta yatupa kapena yaphulitsa mphira

Ili ndi vuto la Juni ndi Julayi. Oyilo wa 20W-50 amene wagona usiku wozizira amakhala wolimba ngati uchi. Pampu yaikulu ikamukankha, mipata ya mabering'i simulandira, ndipo bowo la relief valve silikwanitsa kubweza yense nthawi imodzi. Singano imapitirira 6 kapena 7 bar. Woyendetsa akawonjeza kuponda moto kuti injini itenthe msanga, chofooka chimagonja: chitini cha fyuluta chimatupa kumutu, mphira wake umatulukira m'mbali, kapena switch ya oyilo imayamba kudontha. Mphira ukaphulika, sampu yonse imathera pansi m'kanthawi kochepa. Zimitsani injini pomwepo, musayese kuisuntha ngakhale kuchoka pageti.

Fyuluta yotupa ndi umboni wakuti pulesha inapitirira, choncho kungosintha fyuluta sikuthetsa kanthu. Onani relief valve ngati siinakanirire potseka. Chotsani mawashala onse amene wina anaika. Mapampu ena a high volume amabwera ndi sipuling'i yachiwiri yofewa m'bokosi; pa galimoto ya mumsewu ikani imeneyo. Kenako ganizirani za oyilo. Injini yomangidwa kumene ndi mipata ya ku fakitale sifuna 20W-50. 15W-40 kapena 10W-40, malinga ndi buku lake, amayenda msanga m'mawa ndipo amagwirabe pulesha masana.

Pali chinthu china chosaoneka ndi maso. M'fyuluta zambiri muli kavalavu kolambalala, kamene kamatsekuka pepala losefa likalephera kudutsitsa oyilo yense, kuti injini isaume. Oyilo wochuluka komanso wolimba amatsekula kavalavuka pafupipafupi, ndiye kuti injini ikumwa oyilo wosasefedwa. Pa galimoto imene imayenda misewu yafumbi ya ku Chamama, ku Chulu kapena ya ku Lifupa, oyilo wosasefedwa ndi mchenga wopalira mabering'i. Gulani fyuluta yeniyeni kwa ogulitsa odalirika. Yachinyengo imapepuka m'manja, chitini chake chimabonyoka mukachifinya, ndipo ndiyo imayamba kuphulika. Pomanga, onetsetsani kuti mphira wa fyuluta yakale sunamatirire pa buloko, pakani oyilo mphira watsopano, mangani ndi manja mpaka ukhudze, n'kuwonjezera magawo atatu mwa anayi a kuzungulira kumodzi.

Singano ikugwa kapena kunjenjemera pa liwiro, pa kona, kapena poponda mabuleki

Vuto ili ndilo loopsa kuposa onse, chifukwa limachitika injini ikugwira ntchito yolemera. Pa idle zonse zili bwino. Mukathamanga kwa mphindi zingapo, mwina pa msewu wowongoka wopita ku Nkhamenya, singano imayamba kuvina kenako n'kutsika. Mukachotsa phazi imabwerera. Pa injini ya ma hydraulic lifter mumamvanso kaphokoso ka tiki-tiki pamwamba. Zikatero pampu ikumeza mpweya, kapena ikulephera kukoka oyilo wokwanira. Matenda ali ku mbali yokokera.

Anthu amakonda kunena kuti pampu yaikulu imapopa sampu yonse n'kuumitsa. Sizichitika wambawamba, chifukwa pa injini ya mipata yabwino oyilo wotsala amabwerera pa relief valve. Zimachitika pamene zinthu zingapo zakumana: mipata yatha ndiye oyilo wambiri akukwera kumwamba, mabowo obwezera oyilo kuchoka ku hedi atsekeka ndi phala lakuda la oyilo wosasinthidwa, ndipo sampu ndi ya ku fakitale, ya malita atatu kapena anayi okha. Lita imodzi ikatsalira mu hedi, ina ili m'njira ndi m'fyuluta, wotsala pansi ndi wochepa, ndipo kona imodzi yakuthwa imamuthamangitsira kumbali, sefa ya kukamwa kwa payipi yokokera oyilo mu sampu n'kutsala pamtunda.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Onani mulingo galimoto ili pamalo osalala. Ngati injini kapena sampu inasinthidwapo, musakhulupirire dipstick: khuthulani, thirani malita amene buku likunena, lizani, zimitsani, dikirani mphindi zisanu, muone pamene oyilo wafika, mulembepo chizindikiro. Kenako onjezani theka la lita n'kubwereza ulendo uja. Singano ikakhazikika, mwapeza kuti vuto ndi kuchepa kwa oyilo pa sefa. Theka la litalo ndi loyesera chabe, likhuthuleni. Oyilo akachuluka crankshaft imamumenya n'kumusandutsa thovu, ndipo thovu silinyamula bering'i. Tsekulani chivundikiro cha pamwamba, tsukani mabowo obwezera oyilo mpaka waya adutse, chotsani gasiketi kapena silikoni amene watsekako pakamwa pake.

Ngati kuonjezera oyilo sikunasinthe kanthu, gwadani muone pansi pa sampu. Misewu ya kumidzi nthawi ya dzinja imasiya mtumbira pakati, ndipo mwala umodzi umakwanira kubonyola sampu n'kuikankhira kukamwa kwa sefa. Ndi pampu wamba galimoto imatha kuyendabe chomwecho. Pampu yofuna oyilo wochuluka imatsamwa msanga. Komanso thupi la pampu ya high volume yokhala mu sampu limakhala lalitaliko chifukwa cha magiya aja, choncho sefa imatsikira pansi kuposa poyamba. Ambiri amamanga osayeza.

Mpata wa pakati pa sefa ndi pansi pa sampu ukhale mamilimita 6 mpaka 10. Ukachepa sefa imayamwa chitsulo, ukachuluka imayamwa mpweya. Yezani chonchi: matani tepi kukamwa kwa sefa, umbani kampira ka dongo lofewa, kakulungeni m'kapulasitiki kopyapyala, kaikeni pa sefapo, kwezani sampu pamodzi ndi gasiketi yake, mangani mabawuti anayi, masulani, muyeze kukhuthala kwa dongo ndi vernier. Musaiwale kuchotsa tepi ija. Sampu yobonyoka iwongoleni ndi hamala ndi thabwa kuchokera m'kati, kenako muyezenso.

Sefa ili m'manja choncho, iyang'aneni padzuwa. Zimene zimatseka sefa masiku ano ndi nyenyeswa za silikoni. Womanga akapaka wochuluka, wotsala amafinyikira m'kati, n'kuduka, n'kukaunjikana pa waya. Mzere wa silikoni wa mamilimita 2 kapena 3 ndi wokwanira. Onaninso payipi ya sefa ngati ilibe mng'alu pamene anawotcherera, ndipo pamene imalumikizana ndi pampu muikepo gasiketi kapena kamphira katsopano. Malo amenewo akalefuka sadontha oyilo kunja kuti muone, amangoyamwa mpweya mwakachetechete.

Thayiming'i ikusuntha, giya ya distributor ikutha

Izi zimakhudza mainjini amene pampu imazunguzidwa kudzera pa distributor, monga Toyota 3Y, 4Y, 5K ndi 7K, Ford Essex V6 ya mu Cortina, ndi ma V8 akale a Chevrolet ndi Ford. Pa mainjini amenewa camshaft imazunguza giya ya distributor, ndipo kumunsi kwa shafuti ya distributor n'kumene kumazunguza pampu. Katundu yense wa pampu amasenzedwa ndi timano tochepa ta giya imeneyo ndi kapini kamene kaigwirizira. Mukakulitsa pampu, n'kuthira oyilo wolimba, n'kumaponda moto m'mawa, mwachulukitsa katunduyo pa giya imene siinapangidwire zimenezo. Mainjini monga 4A-FE, 5A-FE, 1NZ-FE ndi 22R alibe vutoli, poti pampu yake imazunguzidwa ndi crankshaft kutsogolo.

Chizindikiro choyamba chimaoneka pa timing light: chizindikiro cha pa pule sichiima malo amodzi, chimangodumphadumpha, ndipo thayiming'i imene mwatchera lero pakatha sabata yabwerera m'mbuyo. Solorani distributor muone mano a giya. Akakhala opyapyala ndi akuthwa ngati mpeni, atha. Unikani ndi tochi m'bowo muone giya ya pa camshaft, chifukwa nayonso ikadyeka giya yatsopano siikhalitsa. Zitsulo zimene zachoka pamenepo zili mu oyilo: pititsani maginito mu oyilo wokhuthulidwa, ndipo tsekulani fyuluta yakale mutambasule pepala lake padzuwa. Musaidule ndi sowo, poti nyenyeswa za sowo zikusokonezani. Boolani ndi tchizulo n'kudula ndi sizasi ya malata.

Kapini ka giya kakaduka, injini imazima nthawi yomweyo chifukwa moto wasowa, ndipo kuzimako kumapulumutsa mabering'i. Choopsa ndi pa mainjini a Ford amene pakati pa distributor ndi pampu pali kashafuti ka makona sikisi. Kakapotoka n'kuduka kapena makona ake akatha, distributor imapitiriza kuzungulira, injini n'kumalirabe, pamene pampu yaima. Pa mainjini amenewa pampu yatsopano iliyonse imafuna kashafuti katsopano, ndipo ya high volume imafuna kolimbitsidwa. Pa small block Chevrolet, kashafuti kogwirizira ndi kolala ya pulasitiki kasinthidwe ndi ka kolala yachitsulo.

Yesaninso ngati distributor siikukanikiza pampu. Ilowetseni popanda gasiketi: ikhale pansi bwinobwino pa malo ake, ndipo shafuti yake ithe kusewera pang'ono mukaikoka ndi kuikankha. Ikakhala yolimba gwa, mukamanga bawuti mumakanikiza magiya a pampu pa chivundikiro chake, ndipo zonse ziwiri zimadyana. Pa V8 ya Chevrolet imene mahedi kapena buloko zapalidwa, distributor imatsika pang'ono, choncho pamafunika shimu, kawashala kopyapyala, pansi pake.

Utsi wabuluu ndi kudontha

Ngati utsi wayamba pampu itangosinthidwa, oyilo wachuluka pamwamba n'kumiza timphira ta mavalavu, kapena mabering'i otha akumwaza oyilo wambiri m'makoma a masilinda kuposa amene maring'i angapale. Tsukani mabowo obwezera, sinthani timphirato, onani ngati valavu ya PCV, yotulutsa mpweya wa m'kati mwa injini, ndi payipi yake sizinatsekeke. Oyilo wa injini yoyenda bwino amakhala cha pakati pa madigiri 90 ndi 110. Akamapitirira 120 nthawi ndi nthawi amada msanga ndi kupyapyala, ndipo kuzungulira pachabe pa relief valve kumawonjezera kutenthako.

Pamene pampu yaikulu ili yoyenera, ndi kamangidwe kake

Ilipo ntchito imene pampu imeneyi inapangidwira. Ngati mwasiya dala mipata ya mabering'i yokulirapo, cha pa 0.065 mm kupita m'mwamba, ngati mwaika oil cooler ndi mapayipi ataliatali, mwasunthira fyuluta kutali ndi buloko, mwawonjezera turbo kapena timipopi tothira oyilo pansi pa mapisitoni, ndiye kuti mwatsekula njira zatsopano zofuna oyilo, ndipo pampu wamba ingathe kuperewera. Zikatero pampuyo isabwere yokha. Ibwere ndi sefa yake yoyenerana nayo, sampu yokulirapo yokhala ndi malata otchinga oyilo kuti asathawire kumbali, kashafuti kolimba, sipuling'i yofewa, ndi geji yokhazikika pa dashibodi.

Pa injini ya camshaft yokwezako, kabyuleta ndi ekizozi basi, mipata ili ya m'buku, ife timalangiza pampu wamba yatsopano ya kampani yodziwika. Ndalama yotsalayo ipite ku Plastigauge, mabering'i oyenera ndi fyuluta yeniyeni. Ngakhale pampu yakale musaitaye musanaiyeze. Ndi feeler gauge yezani pakati pa giya yakunja ndi thupi la pampu, pamene mabuku ambiri amaika malire cha pa 0.20 mm, kenako goneketsani rula yachitsulo pamwamba muyeze mpata wa pakati pa rulayo ndi magiya, umene malire ake amakhala cha pa 0.10 mpaka 0.15 mm. Chivundikiro chikhale chopanda mizere yogwira chikhadabo.

Pampu iliyonse imene mwasankha, itsekuleni musanamange, muitsuke, chifukwa ngakhale yatsopano imatha kubwera ndi nyenyeswa za ku fakitale. Musaimange youma. Pampu youma siikoka, ndipo masekondi oyamba amenewo ndi amene amapsereza mabering'i atsopano. Thirani oyilo m'magiya n'kuzunguza ndi dzanja, kapena dzazani mipata ya magiya ndi Vaseline, amene amasungunuka mu oyilo wotentha. Girisi wa mabering'i a matayala musamuikemo. Thiraninso oyilo m'fyuluta ngati imamangidwa choimirira.

Pa injini ya distributor, tengani shafuti ya distributor yakale, chotsani giya yake, igwiritseni ku drill yamagetsi, muzunguze pampu kulowera mbali imene rotor imazungulira mpaka geji ikwere ndipo oyilo aoneke pa marocker. Pa injini ya pampu ya pa crankshaft, chotsani mapulagi onse a moto, zulani waya wa koyilo ndi fyuzi ya pampu ya petulo, zunguzani ndi sitata masekondi 10 mpaka 15, pumitsani theka la mphindi, bwerezani mpaka singano inyamuke. Ikakana kunyamuka mutayesa kanayi kapena kasanu, lekani, pampu siinagwire oyilo. Masulani muone kolumikizira sefa.

Injini ikalira, maso akhale pa geji, ndipo pasapite masekondi asanu singano isanakwere. Isiyeni pa marevi otsika mpaka itenthe, muone pansi ngati sipakudontha, kenako tengani manambala anayi aja muwalembe m'kabuku kosungidwa m'galimoto pamodzi ndi giredi ya oyilo ndi makilomita a tsikulo. Mukayenda makilomita 500 mpaka 1,000, khuthulani oyilo, tsekulani fyuluta muone pepala lake, solorani distributor muone mano a giya, ndipo muyezenso pulesha injini itatentha mofanana ndi tsiku loyamba lija.